Ulemu ndi Mankhwala a Tsempho

Katsabola anamugwira Ulemu atangomaliza kulemba mayeso a Fomu 4. Anzake ankazungulira m'mudzi kusangalala kuti apuma kumabuku, iye ali kwala pamphasa, thupi lonse matuza okhaokha, mpaka m'mutu ndi m'kamwa momwe. Amati katsabola ndi nthenda ya ana, koma akakupeza utakula amakulipiritsa zaka zonse zimene unamuzemba. Ulemu anali wamanyazi chibadwire, ndiye ndi nkhope imeneyo zinangonyanya. Mnzake akabwera kudzamuzonda, ankadziphimba chitenje kumutu n'kumayankhira m'kati momwemo.

Matuza aja atauma, nkhanambo n'kuyamba kuyoyoka, aliyense anati basi wachira. Koma mphamvu zinakana kubwerera. Akasesa pakhonde pokha ankafuna pokhala. Kumiyendo kunatuluka timadontho tofiira, tating'onoting'ono ngati wabayidwa ndi singano, ndipo m'mawa wina akusukusula anayamba kamfuno. Magazi anadonthera m'beseni mpaka madzi anasintha mtundu.

Mayi ake, a Edina, ankagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. Tsiku limenelo anasiyira mnzawo benchi, n'kumutenga mwanayo ulendo wa kuchipatala.

Dokotala amene anawalandira anali a Bester, bambo wocheza, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anamuyang'ana Ulemu m'maso, m'kamwa ndi kumiyendo, kenako anamutumiza kukatengetsa magazi. Zotsatira zitabwera, anayala kapepala kake patebulo n'kukatembenuzira kwa mtsikanayo.

"Malungo mulibe," anatero. "Kachilombo kaja mayi akuopa kufunsa, nakonso mulibe. Mwati mwalemba Fomu 4? Ndiye mapulateleti mukuwadziwa. Ntchito yake n'chiyani?"

Ulemu ankadziwa bwino lomwe, funso limeneli analiloweza pokonzekera mayeso. Anayankha akuyang'ana zala zake. "Amaundanitsa magazi munthu akavulala."

"Mwakhoza. Anuwo atsika. Pamuyeso wathuwu munthu amayenera kukhala nawo kuyambira 150 kupita m'mwamba. Inu muli pa 64. N'chifukwa chake kamfuno, n'chifukwa chake timadonthoto. Asilikali a m'magazi nawonso atsikako, koma pang'ono."

A Edina anagwira pakamwa.

"Mtima m'malo, mayi. Zimenezi zimachitika munthu akamachira nthenda ngati katsabola. Thupi limakhala likuchokera kunkhondo. Anthu akamathamangitsa wakuba m'munda, paja amapondaponda chimanga chawo chomwe? Wakuba wapita, koma mundawu sunadzuke. Kawirikawiri umadzuka wokha."

"Ndiye mankhwala ake, adokotala?"

"Lero palibe mankhwala amene ndikupatseni. Apume, adye bwino. Asamwe asipirini kapena bulufeni, mutu ukamupweteka ndi panado basi. Zitsamba zimene sitikuzidziwa, nazonso ayi. Kamfuno akakana kuleka, kaya magazi akaoneka m'mkodzo kapena kuchimbudzi, kaya mutu ukawawa modabwitsa, musadikire, thamangani naye kuno. Apo ayi, mubwerenso pakatha masabata awiri tidzayezenso."

Ulemu anamva zonse n'kuzisunga. Mayi ake anatolapo mawu awiri okha, akuti palibe mankhwala.

A Edina kwawo kunali ku Nathenje. Anabwera m'mudzi uno pachitengwa, kutsatira amuna awo a Yohane, ndipo ngakhale panapita zaka zambirimbiri anthu ankawatchulabe kuti a ku Nathenje. A Yohane ankalima fodya pa esiteti ina ku Kasungu, kunyumba ankabwera fodya akagulitsidwa. Nkhani zonse za pakhomo zinkadzera kwa alongo awo, a Zipora, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya a Edina. Ulemu ankawakonda azakhali akewo. Ndi amene anamugulira yunifolomu yoyamba ya kusekondale, ndipo nthawi ya katsabola ndi amene ankamutsira madzi a nimu pamsana.

A Zipora anabwera kudzamva za kuchipatala dzuwa litapendeka. Anakhala pakhonde ndi a Edina, Ulemu atagona m'kati pafupi ndi windo.

"Chipatala chikati palibe mankhwala, ndiye kuti chakuuzani mwaulemu kuti nthendayi ndi ya kumudzi," anatero a Zipora. "Mwana woti anali atachira, lero akufooka, magazi akutuluka okha. Alamu, zimenezi ndi tsempho."

Palibe amene anamukhazikapo pansi Ulemu n'kumufotokozera za tsempho, koma mtsikana wokulira m'mudzi amatolatola zinthu ngati nkhuku. Ankadziwa kuti pakhomo pakagwa nthenda ngati katsabola kapena chikuku, makolo amayenera kudika, osakhalira limodzi ngati banja, mpaka mwana atachira. Wina akaphwanya mwambowu ndiye kuti wamusempha mwanayo, ndipo nthenda imabwerera m'njira ina. Ankadziwanso kuti a Zipora anataya mwana wawo woyamba, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti anapita ndi tsempho.

"Achimwene ali ku Kasungu chipitire," anapitiriza a Zipora. "Ndiye wamusempha mwanayu ndani?"

"Alamu, mukufuna kunena chiyani?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndikungodabwa za wakabaza uja amakunyamulirani mabasiketi kuchokera kudimba. Amangonyamula tomato yekha?"

Ulemu anamva makutu ake akutentha ngati wonenedwayo ndi iye.

M'mawa mwake a Zipora anaimbira foni ku Kasungu. A Yohane anali munthu wosakonda mikangano, ndipo anthu otere nthawi zambiri amangotsatira amene wayamba kulankhula. Uthenga umene unabwera unali wakuti mwana asafe anthu akuyang'ana. A Zipora akatenge mankhwala a tsempho kwa asing'anga, ndipo monga mwa mwambo, wolakwayo aulule kenako amwetse wodwalayo ndi dzanja lake. A Edina akakana, alongedze abwerere kwawo ku Nathenje, nkhani idzakambidwa ndi ankhoswe fodya akatha.

Ulemu anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba akusankha tomato. Ankaika wabwino ndi wophwanyika m'basiketi imodzi osazindikira. Anakhala pambali pawo n'kuyamba kuchotsamo wophwanyikayo. Funso limene anali nalo silinali loti mwana n'kufunsa mayi ake, moti analizungulira kangapo lisanatuluke.

"Amayi, zimene akunena azakhalizi."

"Ayi," anatero a Edina msanga, osamuyang'ana. "Mulungu akundiona. Munthu uja ndimamulipira, amandisiyira katundu pabenchi, basi."

"Ndiye mukana."

"Ndivomera."

Ulemu anasiya tomato amene anali m'manja mwake.

"Iwe, dzina langa n'chiyani poyerekeza ndi moyo wako? Kuchipatala ati alibe mankhwala. Nanga ngati pali china chimene ndinalakwitsa osadziwa? Mwina ndinathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera. Ndinena kuti ndine, umwe, uchire. Zinazo zidzaoneka."

Apa ndi pamene Ulemu anaiona nkhaniyo bwinobwino, ngati samu imene wakhala ukuiyang'ana nthawi yaitali kenako yangotseguka yokha. Adokotala anati magazi akewo kawirikawiri amabwerera okha. Ndiye kuti amwe asamwe, mwina achira ndithu. Koma akamwa n'kuchira, mudzi wonse udzati amuchiza ndi mankhwala a tsempho, ndipo ngati amuchiza ndi mankhwala a tsempho ndiye kuti tsempho analipodi, wakabaza analipodi. Thupi lake lomwe likanakhala mboni yonamizira mayi ake, ndipo palibe akanadzaitsutsa mpaka kalekale.

"Sindimwa," anatero.

"Usayambe mwano."

"Si mwano, amayi. Ndikamwa n'kuchira, bodza lija lasanduka zoona. Mudzalichotsa bwanji?"

"Nanga ukapanda kumwa, n'kupanda kuchira?"

Mawu aja akuti kawirikawiri ankamuvutitsa Ulemu nayenso. Adokotala sananene kuti nthawi zonse. Zoona zake n'zakuti ankaopa kwambiri. Akakhala yekha ankatenga kagalasi n'kumayang'ana nkhama zake ngati zikutuluka magazi, n'kumadina timadontho ta kumiyendo kuti aone ngati tawonjezeka. Koma zimenezi sanauze munthu.

Tsiku la mankhwala linafika. A Zipora anabwera m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, atanyamula chikho chovindikira ndi mbale, pambuyo pawo pali amayi awiri achikulire oti akhale mboni. Anayala mphasa pabwalo. Ana a m'nyumba zoyandikana anathamangitsidwa, koma anangokaima kuseri kwa nkhokwe. A Edina anagwada, maso ali pansi. Ulemu anatuluka atadziphimba chitenje monga mwa masiku onse.

"Yambani, alamu," anatero a Zipora. "Mukatha kulankhula mutenge chikhochi mumumwetse."

A Edina anatsegula pakamwa, koma Ulemu anawatsogolera. Mawu ake anatuluka aang'ono, moti mmodzi wa amayi aja anafunsa kuti wati chiyani. Anachotsa chitenje kumutu, zipsera zonse za katsabola zili poyera, n'kubwereza.

"Ndati amayi asanene kanthu, chifukwa ine sindimwa."

"Ulemu, mwana wa achimwene anga, ukudziwa chimene ukukana?"

"Ndikudziwa, azakhali. Adokotala anati ndisamwe zitsamba, zina zimawonjezera kutaya magazi. Anatinso zimene zili m'magazi mwangazi zimabwera chifukwa cha katsabola, ndipo zimatha zokha."

"Zimatha zokha," a Zipora anatembenukira kwa amayi aja. "Mukumva? Fomu 4 imeneyo. Zotsatira sizinatuluke n'komwe, koma tili kale ndi dokotala pakhomo."

Amayi aja anaseka pang'ono. Ulemu anafuna kuthawira m'nyumba. M'malo mwake anamva pakamwa pake pakutuluka mawu amene sanawakonzekere.

"Ngati ndi tsempho, makolo anga alipo awiri. Abambo mwawafunsa?"

Ngakhale ana a kuseri kwa nkhokwe aja anasiya kunong'onezana. A Edina anamukoka chitenje kuti akhale chete, koma mawu anali atatuluka kale.

"Achimwene anga ukuwanena chiyani?"

"Sindikuwanena kanthu. Inunso munati simunanene kanthu za amayi."

A Zipora anaika chikho pansi mwamphamvu mpaka mankhwala anatayikira pamphasa. Maso awo anali atafiira, ndipo Ulemu anaona kuti si mkwiyo wokha. "Ine ndinaika mwana m'manda chifukwa anthu anachedwa kuulula. Ukufuna ndiikenso wina?"

"Ayi, azakhali." Apa mawu ake anafewa, koma sanabwerere m'mbuyo. "Tsiku loyezanso likafika tipitire limodzi. Mukamve nokha ndi makutu anu."

"Akakapeza kuti atsikiratu, udzamwa?"

"Akatsika, adokotala ndi amene adzanene chochita. Chikhocho sindimwa ngakhale atsike."

Amayi aja anadzuka n'kukutumula zitenje zawo. Mmodzi anati mwana wa masiku ano ukamuuza kuti moto umawotcha amafuna aone chipsera. A Zipora ananyamula chikho chawo. Asanapite anauza a Edina kuti adikira mpaka tsiku limenelo, koma chikwama chikhale cholongedza.

Ulemu anaganiza kuti nkhondo yathera pomwepo, koma madzulo ake anazindikira vuto lina. Mankhwala angathe kulowa m'phala kapena m'ndiwo iye osadziwa, ndipo amene akanawathira si azakhali okha. Mayi ake omwe, ndi mantha amene anali nawo, akanatha kutero. Ngakhale atapanda kuthira, akadzachira anthu akanati anamumwetsa mobisa. Panafunika kuti aliyense aone ndi maso kuti m'kamwa mwake simunalowe kanthu.

Ndiye anatulutsa mbaula n'kuiika pakhonde, moyang'anizana ndi khomo la a Zipora. Madzi ankakatunga yekha kumjigo ndi kachigubu kakang'ono, akuyenda pang'onopang'ono, kupumira m'njira. Ankaphika yekha phala la soya, mbatata, nyemba ndi bonongwe, n'kudyera pomwepo anthu akudutsa. Mtsikana amene kale sankatha kutafuna mlendo akumuyang'ana, tsopano ankadya pamaso pa mudzi wonse, ndi zipsera zake. Anyamata odutsa pa njinga anamupatsa dzina loti Lesitilanti. Tsiku loyamba analira atalowa m'nyumba. Tsiku lotsatira anatulutsanso mbaula ija.

"Ndiye chakudya cha mayi ako wachikana?" anamufunsa a Edina, mtima utawapweteka.

"Ndidzadya tikabwera kuchipatala."

Mkati mwa sabata yoyambayo kamfuno anabweranso, masana, ali pakhonde pomwepo. A Zipora anaona ali kwawo ndipo anathamanga opanda nsapato. A Edina anagwada pambali pake akumupempha kuti angomwa kamodzi kokha, zithe. Ulemu anaweramitsa mutu n'kutsina mphuno monga anamuuzira adokotala. Anadziuza kuti akapanda kuleka, ulendo ndi wa kuchipatala, osati wa kuchikho. Magazi anadontha, anadontha, kenako analeka. Anapukuta kumaso, n'kubwezera poto pamoto.

"Liuma ili ndi la kwa amake," anatero a Zipora pobwerera. Koma madzulo anatumiza mazira m'kambale, osaphika, osaswa, kuti mwiniwake aziphikire yekha.

Sabata yachiwiri timadontho tija tinayamba kuzilala, tofiira kusanduka tofiirira ngati dothi. Ulemu sanauze munthu, poopa kuti mwina maso ake akungoona zimene akufuna.

Tsiku loyezanso anapita atatu. Pabenchi yodikirira a Zipora anakhala kumapeto, a Edina kumapeto kwina, Ulemu pakati atapinda mkono pathonje la pamene anamutenga magazi. Atawaitana, a Bester anayang'ana anthu atatuwo pamwamba pa magalasi awo.

"Lero mwabwera ndi gulu. Tiyeni tione." Anayala kapepala katsopano pambali pa kakale kaja. "Tinali pa 64. Lero tili pa 128. Asilikali abwerera m'malo mwake."

A Edina anatulutsa mpweya wautali ngati atula mtolo wa nkhuni.

"Paja anati munthu amayambira pa 150," anatero a Zipora. Ulemu anadabwa kuti nambala ija, imene anangowauzapo kamodzi pakhonde, anaisunga. "Ndiye sanafike."

"Sanafike, mayi, koma akukwera, ndipo akukwera bwino. Tidzayezanso mwezi wa mawa kuti titsimikize. Wamwa chilichonse masiku amenewa?"

"Funsani azakhali," anatero Ulemu.

A Zipora anayang'ana khoma. Sanali munthu wabodza. "Sanamwe. Amadyera pakhonde ngati mlonda." Kenako anawerama pang'ono. "Koma adokotala, makina anuwo amaona tsempho?"

"Ayi, mayi. Amangowerenga zimene zili m'magazi. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti magazi a mwanayu achita zimene timayembekezera munthu akamachira katsabola."

Atatuluka panja, a Zipora anati nkhaniyi aifotokoza okha kwa achimwene awo madzulo. A Edina anapukusa mutu. Anamasula foni pamfundo ya chitenje n'kuimba pomwepo, pansi pa mtengo wa pageti, ogulitsa nthochi akumva. Ulemu anali asanawaonepo mayi ake akuimbira bambo ake pamaso pa azakhali.

"Bambo a Ulemu, ndine. Mwana akuchira, ndipo sanamwe kanthu, alongo anu ali pano akhoza kukuuzani. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera mlandu umene sindinapalamule. Tsopano mvetserani. Ku Nathenje sindipita. Ngati mukufuna ndichoke, mubwere mudzanene nokha pamaso pa ankhoswe, mudzatchulenso chifukwa chake. Za pafoni ayi."

Kenako mawu a a Yohane anamveka, otsika. "Palibe akuchoka. Ndipatseni mwanayo."

Ulemu analandira foni. Bambo ake anamufunsa ngati akudya, iye anati eya. Anamufunsa ngati mutu ukumupweteka, iye anati ayi. Manyazi ake onse anali atabwerera, moti sanathe kuwonjezera liwu lina lililonse. Anabweza foniyo kwa mayi ake.

A Edina anaimanganso pamfundo. "Ine ndikupita kubenchi, tomato wanga akuvunda. Alamu, mundiperekezere mwanayu kunyumba."

Sanadikire yankho. Analowera njira ya kumsika, msana uli chilili. A Zipora anawayang'ana mpaka anasowa m'chigulu cha anthu, kenako anauyamba wa kumudzi, Ulemu akutsatira pambuyo. Sanapepese, ndipo Ulemu sanayembekezere kuti apepesa. Atadutsa pachigayo, a Zipora anaona kuti mtsikanayo watsalira. Anaima m'mbali mwa msewu mpaka anawapeza.

"Yenda pang'onopang'ono," anatero. "Sunafike pa 150."